Chiwaya cha gasi cha m'malesitanti: kagwiridwe kake ka ntchito, katsukidwe ndi kasamalidwe

Anthu ogwira ntchito m'makhitchini a malesitanti ndi mahotela amamva malangizo otsutsana okhudza chiwaya chachikulu chafulati choyendera gasi, chimene m'mabuku a makampani ochipanga chimalembedwa kuti griddle. Wina amati chizitsukidwa ndi madzi oundana chikadali chotentha, mnzake amati kuteroko n'kuchiwononga. Wina amaona lawi lachikasu n'kuganiza kuti moto wakolera bwino, pamene mmisiri wa gasi akaliona amathamangira kutseka valavu. Kusiyana maganizo kotereku kumachepa munthu akazindikira kuti chiwayachi ndi zinthu ziwiri zodalirana, chitsulo chosunga kutentha pamwamba ndi lawi lochipatsa kutenthako kunsi, ndipo malamulo onse a kuphika, kutsuka ndi kukonza amachokera pa kuteteza ziwiri zimenezi.

Chitsulo chosunga kutentha

Pamwamba pa chiwaya pamakhala chitsulo chimodzi chochindikala chimene chakudya chimaikidwapo mwachindunji, popanda poto kapena mphika. Makampani ambiri amachipanga m'miyeso itatu, cha mamilimita pafupifupi 13, cha 19 ndi cha 25, ndipo kuchindikala kumeneku n'kumene kumasiyanitsa kwambiri chiwaya chimodzi ndi chinzake. Tingachiyerekeze ndi thanki ya madzi. Thanki yaikulu imatenga nthawi kuti idzaze, koma anthu ambiri akatungamo nthawi imodzi madzi satsika kwenikweni, pamene yaing'ono imadzaza msanga n'kuumanso msanga. Chimodzimodzi chitsulo chochindikala chimachedwa kutentha m'mawa, koma wophika akaikapo nyama zozizira zambiri, kutentha kwake sikugwa kwambiri ndipo kumabwerera pamlingo wake mosavuta. Chopyapyala chimafulumira kutentha ndi kuzizira, chimakwanira pa mazira ndi zakudya zina zopepuka, koma sichichedwa kupindika chikamatenthedwa mopyola muyeso.

Kufunika kwa kutentha kokhazikika kumaoneka pa chakudya chenichenicho. M'chaka cha 1912 katswiri wa ku France, Louis Camille Maillard, anafotokoza mmene shuga ndi tizigawo ta mapuloteni zimagwirizanirana pa moto n'kutulutsa mtundu wofiirira ndi fungo lokoma la chakudya chowotcha. Zimenezi zimachitika mofulumira kuyambira pa madigiri 140 a Celsius kupita m'mwamba. Chitsulo chikazizira kutsika pamenepo, madzi otuluka m'nyama sauma msanga, nyamayo imangobwadamuka m'madzi ake omwe, n'kutuluka yotuwa ndi yolimba.

Pali zitsulo zamitundu iwiri zimene ziyenera kusiyanitsidwa munthu asanagwire chotsukira. Chofala ndi chitsulo wamba chosalazidwa, chimene chimachita dzimbiri chikasiyidwa chopanda mafuta. China ndi chokutidwa ndi chrome, chonyezimira ngati galasi, chimene sichimata chakudya kwambiri ndiponso sichitaya kutentha kochuluka m'khitchini, koma chikakandika kapena kugobeka palibe njira yophweka yochibwezera mwakale.

Gasi ndi lawi lake

England ndi limodzi mwa mayiko oyamba kuphika ndi gasi. James Sharp wa ku Northampton anapatsidwa umwini wa chitofu cha gasi m'chaka cha 1826, ndipo pofika 1841 wophika wotchuka Alexis Soyer anali atayamba kugwiritsa ntchito gasi m'khitchini ya Reform Club ku London. Koma chimene chinathandiza kuti lawi la gasi likhale loyera ndi lotentha ndi burner imene Robert Bunsen ndi Peter Desaga anakonza ku Heidelberg cha m'ma 1855, yosakaniza gasi ndi mpweya moto usanayake. Ma burner a pansi pa chiwaya amatsatira nzeru yomweyo mpaka lero. Gasi amatuluka mothamanga pa kabowo kakang'ono, amakoka mpweya kudzera pa kachitseko kosinthika, ndipo zosakanizikazo zimayakira pa timabowo tambiri ta paipi yopindika ngati chilembo cha U. Kawirikawiri pamakhala burner imodzi pa masentimita 30 alionse a m'lifupi mwa chiwaya, iliyonse ndi chotembenuzira chake.

Gasi wophikira alipo wa mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kusokoneza iwiriyi ndi gwero la ngozi zambiri. Gasi wachilengedwe wobwera m'mapaipi ndi methane, ndipo ngwopepuka kuposa mpweya, kotero akathawa amakwera m'mwamba. Gasi wa m'masilinda ndi propane, butane kapena zonse ziwiri zosakaniza, ndipo ngwolemera kuposa mpweya, kotero akathawa amatsikira pansi n'kuunjikana kunsi kwa zipangizo, m'ngalande ndi m'zipinda zapansi, kumene angakhale nthawi yaitali kudikira kamoto kakang'ono. Propane amayaka akangofika pa 2 peresenti ya mpweya wa m'chipinda, pamene methane amafuna 5 peresenti. Chifukwa gasi wa m'silinda ali ndi mphamvu zochuluka ndipo amaperekedwa mokankha kwambiri, timabowo take totulukira timakhala tating'ono kusiyana ndi ta methane. Ku Ulaya, mwachitsanzo, methane amafika pa chipangizo ndi mphamvu ya 20 mbar (muyeso wa kukankha kwa gasi), pamene m'mayiko ambiri a kumeneko propane amafika ndi 37 mbar. Chiwaya chokonzedwera methane chikalumikizidwa ku silinda popanda kusintha timabowo ndi regulator, kachipangizo kolamulira kukankha kwa gasi, malawi amatalika moopsa n'kudzaza mwaye. Kachitsulo kolembedwa kamene kamamatidwa pambali kapena kutsogolo kwa chiwaya kamanena mtundu wa gasi ndi mphamvu yake, ndipo n'koyamba kuwerenga chiwayacho chisanalumikizidwe.

Gasi pa yekha alibe fungo. Fungo loipa limene timalidziwa limachita kuthiridwamo, ndipo lamulo lotero linafala pambuyo pa ngozi ya pa sukulu ya New London ku Texas, pa 18 March 1937, pamene gasi wosanunkha anadzaza pansi pa nyumba ya sukulu n'kuphulika, ndipo anthu pafupifupi 300, ambiri mwa iwo ana, anafa. Choncho fungolo likamveka, wophika atseke valavu yaikulu, atsegule zitseko ndi mawindo, asayatse machesi ndiponso asakhudze swichi ya magetsi, kenaka atuluke panja n'kuitana mmisiri.

Lawi labwino ndi labuluu, lokhazikika, lokhala pa timabowo ta burner mofanana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Lawi lachikasu, lalitali ndi lofewa limasonyeza kuti mpweya ukuchepa, mwina chifukwa kachitseko katsekeka ndi fumbi ndi mafuta, ndipo lawi lotero limapaka mwaye kunsi kwa chitsulo n'kutulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 ndi kupitirira. Mutu, chizungulire ndi nseru zimene zimagwira antchito angapo nthawi imodzi n'kuleka akatuluka panja siziyenera kutengedwa ngati kutopa wamba. Kumbali ina, lawi limene likulira n'kunyamuka pa burner limasonyeza mpweya wochuluka kapena gasi wokankha mopyola.

Zoyatsira ndi zolamulira kutentha

Pafupi ndi burner iliyonse pamakhala kalawi kakang'ono kotchedwa pilot, kamene ntchito yake ndi kuyatsa burner yaikulu gasi akangotsegulidwa. Pa ziwaya zokhala ndi chitetezo, kalawika kamawotcha nsonga ya kachitsulo kotchedwa thermocouple. Kachitsuloka kamagwiritsa ntchito zimene Thomas Johann Seebeck anatulukira m'chaka cha 1821, zakuti zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizidwa n'kutenthedwa polumikizirapo zimatulutsa magetsi ochepa. Magetsiwo, ngakhale ali ochepa ngati mamilivoti 25 kapena 30, amakwanira kugwira kamaginito kamene kamasunga valavu yotsegula. Kalawi kakazima, nsongayo imazizira, maginito amataya mphamvu ndipo valavu imadzitseka yokha. N'chifukwa chake poyatsa munthu amadinikiza batani kwa masekondi 30 kapena kuposerapo, kudikira kuti nsongayo itenthe. Ziwaya zina zilibe chitetezo chimenechi, ndipo pa zimenezo gasi amapitiriza kutuluka ngakhale moto utazima, choncho wophika aliyense ayenera kudziwa mtundu wa chiwaya chimene akugwiritsa ntchito.

Dongosolo loyatsira silisintha kwenikweni. Fani yokoka utsi iyambe kuzungulira, zotembenuzira zonse zikhale zotseka, valavu yaikulu itsegulidwe, tizilawi tiyatsidwe, kenaka ma burner. Ngati moto wakana kuyaka kapena wazima, malangizo a opanga ambiri amati gasi atsekedwe kwa mphindi 5 munthu asanayesenso, kuti gasi amene waunjikana pansi pa chitsulo abalalike. Mphindi zimenezi zimaoneka zambiri makasitomala akamadikira, koma munthu akhoza kupsa nkhope ndi manja chifukwa choyesa kachiwiri nthawi yomweyo.

Pa kulamulira kutentha pali njira ziwiri. Chiwaya cha valavu wamba chimangokuza kapena kuchepetsa lawi, ndipo chimapitiriza kutentha mpaka wophika atachichepetsa yekha. N'chosavuta kukonza, koma chimafuna munthu wozolowera. Chiwaya cha thermostat chili ndi kachipangizo koyeza kutentha komatidwa kunsi kwa chitsulo kapena kolowetsedwa mkati mwake, kamene kamatsegula ndi kutseka gasi kuti kutentha kukhale pa nambala yosankhidwa, kawirikawiri pakati pa madigiri 95 ndi 290. Anthu ambiri amatembenuzira thermostat pamapeto poganiza kuti chiwaya chitentha msanga. Pa mtundu umene umangoyatsa ndi kuzimitsa, lawi limakhala lomwelo kaya nambala ndi yaikulu kapena yaing'ono, kotero chimene chimachitika n'chakuti chitsulo chimapyola muyeso n'kupsereza mafuta.

Pophika, nzeru yaikulu ndi kugawa chitsulo m'zigawo. Mbali imodzi ikhale yotentha kwambiri, ya madigiri 175 mpaka 200, yowotchera nyama, ina ikhale yocheperapo ya mazira ndi zosakaniza za ufa, ndipo nthawi imene makasitomala achepa ma burner ena azimitsidwe. Mtundu wa kunja kwa nyama sutsimikizira kuti mkati mwapsa. Malangizo a boma la United States amati nyama yogaya ifike madigiri 71 mkati, ndipo nkhuku ifike 74, zimene zimadziwika ndi choyezera chobaya basi.

Kukhwimitsa chitsulo ndi kutsuka

Chitsulo wamba chatsopano chimabwera chopakidwa mafuta a kufakitale oteteza dzimbiri, amene ayenera kutsukidwa kaye ndi madzi ofunda a sopo. Kenaka chimakhwimitsidwa, kutanthauza kuti chimatenthedwa pa madigiri pafupifupi 150 mpaka 175, n'kupakidwa mafuta ophikira ochepa kwambiri, n'kupukutidwa, ndipo zimenezi zimabwerezedwa kangapo. Pa kutenthako mafuta amasintha, tizigawo take timalumikizana n'kupanga kachikopa kopyapyala kolimba kamene kamatseka timaenje ta chitsulo, kuti chakudya chisamate ndipo madzi asafike pa chitsulo. Mafuta akachuluka sauma bwino, amangosanduka phula lomata.

Apa ndi pamene pali chisokonezo chachikulu, chifukwa kachikopa kabwinoka ndi nkhoko zakuda za zakudya zopserera zimaoneka ngati chinthu chimodzi, pamene n'zosiyana kotheratu. Kachikopa n'kosalala ndi kopyapyala. Nkhoko n'zokhakhala, zimatsekereza kutentha kuti kusafike pa chakudya, zimachititsa malo ena kupsereza ena osapsetsa, ndipo zimasweka n'kumatirira pa chakudya ngati timadontho takuda towawa. Wophika amene amanyadira kuda kwa chiwaya chake ayenera kuyendetsapo chopalira kuti aone chimene chilipo. Cholinga cha kutsuka ndi kuchotsa nkhoko popanda kuvulaza chitsulo.

Ntchito yaikulu imachitika masana onse, pomapala zotsalira ndi chopalira chafulati n'kuzikankhira mu ngalande ya mafuta nthawi iliyonse chakudya chikachotsedwa. Madzulo, moto utazimitsidwa ndipo chitsulo chitatsika kufika pa madigiri 150 kapena kucheperapo, wotsuka avale magolovesi osalowa kutentha, athire madzi ochepa osazizira kuti nthunzi ifewetse nkhoko, apale, kenaka akweche ndi njerwa yopepuka yotsukira ziwaya kapena kasefa kake, atathirapo mafuta pang'ono. Kukwechako kutsate mizere ya chitsulo, osazungulira, chifukwa kuzungulira kumasiya zikande zimene chakudya chimadzagwiramo. Fumbi la njerwayo lichotsedwe lonse, chitsulo chiumitsidwe, n'kupakidwanso mafuta ochepa. Ngati agwiritsa ntchito mankhwala amphamvu osungunula mafuta, ambiri mwa iwo ali ndi soda woyabwa amene amawotcha khungu ndi maso, choncho atsukuluze kangapo ndipo akhwimitsenso chitsulocho, popeza mankhwalawo amachotsa kachikopa kaja pamodzi ndi nkhoko.

Chitsulo cha chrome sichifuna njerwa, waya wokwechera kapena msasa. Chimatsukidwa ndi madzi, burashi yofewa, chopalira chake chapadera ndi ufa wotsukira wosakanda, ndipo ngakhale pophika munthu sayenera kumenyapo ndi m'mphepete mwa chotembenuzira chakudya kapena kudulirapo ndi mpeni.

Za madzi oundana, zoona zake n'zakuti amasendadi nkhoko mofulumira, ndipo n'chifukwa chake anthu amawakonda. Koma chitsulo chimafutukuka chikatentha n'kunyala chikazizira, ndipo pamwamba pakazizira mwadzidzidzi pamene pansi pakadali potentha, chitsulocho chimakokana chokha. Kubwereza zimenezi kumachipinda kapena kung'ambula polumikizira m'mbali, mafuta n'kuyamba kudonthera pa ma burner. Makampani ambiri amaletsa njirayi m'mabuku awo.

Kabati kolandira mafuta kakhuthulidwe tsiku lililonse, ndipo pa tsiku lotanganidwa kangapo, kasanasefukire. Mafutawo asatayidwe mu sinki, chifukwa amaundana m'mapaipi. Mbali za kunja, zimene zimakhala za chitsulo chosachita dzimbiri chimene Harry Brearley anatulukira ku Sheffield mu 1913, zipukutidwe ndi nsalu ndi sopo wofatsa. Mankhwala oyeretsera okhala ndi chlorine amadya chitsulo chimenechi n'kusiya timabowo, ndipo kupopera chiwaya ndi paipi ya madzi kumanyowetsa ma burner ndi zolamulira.

Malire a wophika ndi mmisiri

Pali zimene wophika angathe kuona yekha sabata iliyonse. Aone mtundu wa malawi, aone ngati potulukira utsi kumbuyo kwa chiwaya sipanatsekeke ndi mafuta, nsalu kapena thireyi, aone ngati paipi yofewa ya gasi siinang'aluke kapena kupindika, ndipo aone ngati chiwaya chili chowongoka, pakuti chikapendekeka mafuta amathamangira mbali imodzi ndipo mbali inayo imauma. Polumikizira mapaipi payesedwe ndi madzi a sopo, ndipo thovu likamakula ndiye kuti gasi akuthawa. Kuyesa ndi lawi n'koletsedwa kulikonse. Angathenso kuyerekeza nambala ya pa thermostat ndi choyezera kutentha chokhudzitsidwa pa chitsulo. Choyezera cholozera patali chimanamiza pa chrome, chifukwa chitsulo chonyezimira chimatulutsa cheza chochepa ndipo chimaoneka chozizira kuposa mmene chilili.

Kupitirira pamenepa ndi ntchito ya mmisiri wovomerezeka wa gasi, amene opanga ambiri amati azibwera kamodzi pachaka ngakhale palibe chimene chavuta. Iye amayeza mphamvu ya gasi ma burner onse akuyaka, amachotsa ma burner n'kutsuka timabowo, amakonza kachitseko ka mpweya, amayesa thermocouple, amawongola thermostat ndipo amapaka mavalavu girisi wake wopirira kutentha. Kabowo kotulukira gasi sikayenera kutokosedwa ndi waya kapena msomali, chifukwa kakangokula pang'ono gasi amachuluka mpaka kalekale. Mmisiri amaganiziranso kutalika kwa malo, popeza kumapiri mpweya umakhala wochepa okosijeni. Malamulo a gasi a ku United States amati kupitirira mamita pafupifupi 600, mphamvu ya chipangizo ichepetsedwe ndi 4 peresenti pa mamita 300 alionse. Chinthu chimodzi chimene sichiyenera kuloledwa m'khitchini iliyonse ndi kumanga batani la chitetezo ndi waya kapena kulipanikiza ndi kamtengo chifukwa kalawi kakuzimazima. Thermocouple ndi kachipangizo kakang'ono kosavuta kusintha, ndipo kuilambalala n'kuchotsa chokhacho chimene chimatseka gasi pamene palibe munthu akuyang'ana.

Mafuta akagwira moto, gasi atsekedwe ndipo madzi asathiridwe, chifukwa lita imodzi ya madzi imasanduka malita pafupifupi 1,700 a nthunzi n'kumwaza mafuta oyakawo paliponse. Chozimitsira choyenera ndi cha mankhwala amadzimadzi opangidwira mafuta ophikira, cholembedwa Class F ku Ulaya kapena Class K ku America. Masefa a chokoka utsi ndi mapaipi ake nawonso amasunga mafuta, ndipo moto ukafika mmenemo umayenda mpaka kudenga.

Mafunso amene sanathe

Funso loyamba ndi la tsogolo la gasi weniweniyo. Chiwaya cha gasi chimapereka ku chakudya mphamvu yosakwana theka la imene chawotcha, yotsalayo imathawira mu utsi ndi m'khitchini, pamene cha magetsi chimataya yochepa. Mzinda wa Berkeley ku California unaletsa mapaipi a gasi m'nyumba zatsopano mu 2019, koma bungwe la California Restaurant Association linakasuma, ndipo mu 2023 khoti la apilo linagamula kuti lamulolo likusemphana ndi lamulo la dziko lonse. Ofuna magetsi amanena za mpweya woipa ndi thanzi la ophika, ofuna gasi amanena za mtengo wosinthira zipangizo ndi malo amene magetsi sadalirika, ndipo mkanganowu ukupitirira.

Lachiwiri ndi la kupsereza. Mu 2002 akatswiri a ku Sweden anapeza acrylamide m'zakudya za sitachi zophikidwa pa madigiri opitirira 120, mankhwala amene bungwe la IARC, lofufuza za khansa pa dziko lonse, linali litawaika kale mu 1994 m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa. Kukula kwa chiopsezo pa mlingo umene anthu amadya sikunatsimikizike, ndipo pakadali pano malangizo amangoti zakudya zotero zichotsedwe zikafika pa mtundu wagolide zisanade.

Lachitatu ndi la katsukidwe. Ophika ena amakwecha chitsulo mpaka kuyera usiku uliwonse n'kuchikhwimitsanso m'mawa, ena amangopala n'kusunga kachikopa kwa masabata, ndipo mabuku a opanga nawo sagwirizana pa mfundoyi. Sagwirizananso pa funso lakuti chrome, imene imagulidwa modula koma imapulumutsa gasi ndi nthawi yotsuka, imabweza ndalama zake m'khitchini mmene antchito amasinthasintha ndipo chikande chimodzi chingaiwononge.